Nsalu Zopukutira Galimoto za Apongozi Anga

Apongozi anga aamuna anali ndi ndowa yobiriwira ya chivindikiro imene aliyense pakhomo ankadziwa kuti siyokhudza. Inkakhala kuchipinda kwawo, pamwamba pa tebulo, osati pansi. Nditangokwatiwa kumene pakhomo paja, cha kumtunda kwa Kande, ndinkaganiza kuti muli zizimba, mpaka ndinanong'oneza amayi anga pafoni kuti kuno ndagwera kwa anthu okhwima. Patapita masabata awiri ndinaiona itatsegulidwa. Munali nsalu zopukutira galimoto, zopindidwa bwino kuposa mmene ine ndinkapindira madiresi anga akutchalitchi.

Galimotoyo inali ya amuna anga. Iwo ankagwira ntchito ku Joni, ndipo chaka china anabwera nayo pa Khirisimasi, yabuluu woderako, n'kuisiya m'manja mwa bambo awo. Sanalakwitse kusankha. Mkuluyo anathera zaka zonse za mphamvu zake ku Joni komweko akuyendetsa mabwana, ndipo atabwerera kumudzi anapeza kuti khasu lawaiwala, bwato nalo ankalikwera atagwiritsa mbali zonse ziwiri ngati mlendo. Akazi awo anali atamwalira. Chimene chinkawadzutsa m'mawa chinali galimoto ija.

Ine ndine wa ku Ntcheu. Boma linanditumiza kukaphunzitsa kunyanja, ukwati n'kundipeza komweko. Apongozi ankandiitana kuti "aphunzitsi", ine ndinkawaitana kuti "Ada", monga mmene anthu a kumeneko amaitanira bambo. Tinkalemekezana, koma kunena zoona zinkandiwawa kuti pakhomo pamene ndinkasesa ndi kuphika panali chinthu chimodzi chimene ankandiona kuti sindingachikwanitse, ndipo chinthucho chinali sanza. Tsiku lina ndinatchuladi mawu akuti sanza iwo akumva. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

Loweruka lililonse ankayamba dzuwa lisanatenthe. Madzi ankatunga okha pamjigo, a kunyanja ankawakana chifukwa mafunde amawavundula ndi mchenga. Kutsuka kokhako ankati si nkhani, ngakhale mvula imatsuka. Ukatswiri uli popukuta. Ukachedwa, madzi amaumira pa penti n'kusiya timadontho toyera, ndipo ukathamanga ndi nsalu yolakwika wakala galimoto ya eni. Ankayambira padenga, kutsikira ku magalasi, kenako boneti ndi zitseko. Sankakwecha. Ankayala nsalu pa penti n'kuikokera kwa iwo pang'onopang'ono, madzi n'kumatsatira okha. Ikalemera ankaifinya modekha, osaipotokola, ati nsalu yopotokoledwa imakalamba msanga.

Nsaluzo zinali ndi maudindo ngati kumpingo. Panali abusa, nsalu ziwiri zofewa kwambiri za padenga ndi paboneti. Panali akulu a mpingo, za zitseko. Ya magalasi inali payokha, yopyapyala, yosasiya ubweya. Pansi penipeni panali za matayala. Nsalu ikangogwa pansi, ngakhale kwa kamphindi, ngakhale ikhale mbusa, inkatsitsidwa pomwepo kupita ku matayala popanda bwalo lomva mbali yake. Pabwalo pathu panali pamchenga, monga paliponse kumeneko, mchenga umene umaupeza m'nsapato, pabedi ndi m'Baibulo momwe.

"Mchenga wa kuno ndi wabwino ku mapazi a alendo, aphunzitsi," ankatero. "Koma kwa penti ndi sandipepa."

Mantha amenewa anali ndi kochokera. Anandiuza kamodzi kokha, akufinya nsalu osandiyang'ana, kuti ntchito yawo yoyamba ku Joni inatha chifukwa cha batani. Anapukuta galimoto ya bwana ndi malaya akale osaona kuti patsala batani limodzi, ndipo linalemba mzere kuchokera kuchitseko cha kutsogolo mpaka kumbuyo. Masana omwewo anali pamsewu ndi kachikwama kawo. Kuyambira pamenepo sanapukutenso chitsulo ndi nsalu imene sanaifufuze ndi zala kuchokera kona mpaka kona.

Akamaliza ankachapa okha nsaluzo m'beseni lakelake, ndi kasopo kaufa pang'ono, n'kutsukuluza katatu. Sopo wamtanda ankati amaumitsa nsalu isamamwenso madzi. Ankaziyanika pawaya wa pakhonde atazipana ndi mapegi awiriawiri, ndipo mwera ukayamba kuulutsa fumbi ankazilowetsa kuti zikaumire m'nyumba. Zikauma zinkabwerera m'ndowa, abusa pamwamba, n'kutseka. Za matayala sizinkalowamo, zinali ndi jumbo yake kuseri kwa chitseko.

Galimoto yosamalidwa chotereyi inkatuluka Lamlungu lokha, kupita kutchalitchi, pa liwiro loti wanjinga ankatipitirira akupereka moni. Ine ndi mwana wanga wamkazi tinkakhala kumbuyo, nsapato titazigogoda kaye panja. Anthu ankaseka koma ankanyadira. Pakakhala ukwati, mkwatibwi aliyense wa m'dera lathu ankafuna kukwera ya Ada, ngakhale ankadziwa kuti akafika mochedwa.

Tsiku lina anandipempha kuti ndiwaperekeze ku Chintheche pa tsiku la msika, kukafuna nsalu pa kaunjika. Ndinasangalala ngati ndakwezedwa pantchito. Tinakwera minibasi. Mkuluyo anavala jekete ndi tayi, dzuwa likuswa mtengo, n'kukagwada pa mulu wa matawulo ndi timabulangeti ta ana. Mtundu analibe nawo ntchito. Ankatola nsalu, kuipsinya m'manja, kuiyendetsa patsaya. Yokanda patsaya ankaiponya. Yoterera ngati nayiloni ankaiponyanso, ati imeneyo imangothamangitsa madzi uku ndi uku osawamwa. M'thumba la jekete anali ndi kabotolo ka madzi. Ankadonthezera dontho limodzi pakona ya nsalu, n'kugwira ndi chala kuti amve ngati lalowa kapena langokhala pamwamba.

Mayi wogulitsayo ankawadziwa kale. "Ada, mukugula thawulo kapena mukufunsira mkazi?"

"Mkazi n'ngosavuta, mama," anayankha. "Ukamufunsa amayankha."

Chimene ankafunitsitsa chinali matewera akale a thonje, ndipo ankadandaula kuti amayi a masiku ano ndi mapampasi awo awaphera madalaivala ntchito. Akasowa matewera ankatenga tinsalu tamakono tofewa tija timamatirira ku zala zokhakhala. Kunyumba ankadula ndi sizasi mpendero wonse wolimba, tinsalu ta malemba tam'mphepete, ndi chilichonse chosokedwa ndi ulusi wouma, n'kuzichapa kangapo zisanakhudze galimoto kuti ubweya uthe.

Pamsika pomwepo ndi pamene ndinazindikira chimene ananditengera. Anandipatsa thawulo lina kuti ndiwawerengere malemba a pakansalu ka m'mphepete, ati magalasi aiwala kunyumba. Magalasiwo anali pamphuno pawo. Ndinawerenga kuti ndi la thonje lokhalokha, iwo n'kuti "yewu", kuthokoza kwa kumeneko. Pobwerera ndinaona kuti asanaoloke msewu ankayamba atchera khutu. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinachita mantha, chifukwa Lamlungu lililonse ine ndi mwana wanga tinkakwera galimoto imene munthu ameneyu ankayendetsa.

Sindinali ndekha woona. Alamu anga, mlongo wa amuna anga amene ankakhala ku Mzuzu, anali atayamba kale kuimba mafoni ku Joni. Ankati maso a Ada atha, tsiku lina adzagunda mwana wa eni, ndipo galimoto yabwinobwino ikungodyedwa ndi sopo pomwe ikanamanyamula anthu. Ine ndi alamu angawo sitinkamwerana madzi, pakamwa pawo ndi panga mpofanana ndiye tikakumana pankathetheka moto. Koma pa nkhani ya maso sankanama. Amuna anga anayankha kuti adzaona okha akabwera mu Disembala. Apongozi anazimva, monga mmene nkhani za pafoni zimamvekera pakhomo, ndipo kuyambira pamenepo galimoto inkatsukidwa ngati ikukalemba mayeso. Ankafuna kuti mwana wawo akadzaiona adzanene yekha kuti munthu wosaona sangasamale chinthu chotere, makiyi akhale pomwe ali.

Chakumapeto kwa Novembala kunagwa maliro a mbale wawo ku Usisya. Uthenga unafika Loweruka m'mawa atangomaliza kupukuta, ndipo anathamangira boti ku Nkhata Bay nsalu zisanachapidwe. Anazisiya m'beseni pakhonde. Zinakhala tsiku loyamba, lachiwiri, pofika lachitatu zinayamba kununkha chinyezi. Ndinaziyang'ana n'kunena mumtima kuti ine, mkazi wamkulu, wophunzitsa ana a eni ukhondo, ndilephere kuchapa matewera? Ndinkafunanso, ndisaname, kuti akabwera adzadziwe kuti mkazi wa mwana wawo si mlendo pakhomo.

Ndinaziika pamwamba pa zochapa zanga n'kutsikira kunyanja ndi amayi anzanga. Ndinazichapa ndi sopo wamtanda chifukwa ndi amene anali m'manja, ndinazifikisa mpaka zinayera mbee. Kenako ndinachita zimene mkazi aliyense amachita kunyanja kuja, zimene ndinaphunzira kwa eni dera mpaka manja anazolowera kuchita okha. Ndinaziyala pamchenga wotentha, pafupi ndi zitenje zanga ndi yunifolomu ya mwana. Mchenga wa kumeneko ndi woyera, umaumitsa chovala usanamalize kusamba, ndipo ukakutumula kawiri umagwa wonse. Pachitenje umagwadi. M'thawulo umabisala m'kati mwa ulusi. Mawu aja a sandipepa ndinkawadziwa bwinobwino, koma m'mutu mwanga ankanena za nsalu yogwa pabwalo, osati yochapachapa yonunkhira sopo. Ndinakutumula, ndinapinda, ndinaika m'ndowa abusa pamwamba monga ndinkaonera, n'kutseka ndikudzitama.

Apongozi anabwera atatopa, kutatsala masiku atatu kuti amuna anga afike. M'mawa mwake, ngakhale silinali Loweruka, anatsuka galimoto. Ine ndinali kusukulu. Pobwera masana ndinaipeza ili padzuwa. Paboneti, padenga ndi pa zitseko panali timizere ting'onoting'ono toyera, tosawerengeka, tolowera mbali imodzi mmene ankakokera nsalu. Mbali imene inali pamthunzi sitinkaoneka. Padzuwa tinkawala ngati ulusi wa kangaude. Apongozi anali ataima pambali, manja kumbuyo, akumwetulira.

"Mwaiona, aphunzitsi? Lero yatuluka bwino."

Ndinati eya, Ada. Iwo atapita kukasamba ndinalowa kuchipinda kwawo ngati wakuba, ndinatenga nsalu imodzi yotsala m'ndowa n'kuimenya pa thireyi yachitsulo. Timchenga tinalira.

Ndinali ndi mpata wonena tsiku limenelo ndi lotsatira lake. Sindinanene. Ine wapakamwa uja, woti mwana akabisa cholakwa m'kalasi ndinkamulalikira mpaka belu, ndinangoti duu, kumapemphera kuti tsiku lofika amuna anga kudzachite mitambo.

Kunacha kopanda ndi kamtambo komwe. Amuna anga anafika pamodzi ndi alamu aja, amene anawachingamira ku Mzuzu. Atapereka moni ndi kumwa madzi, tonse tinapita kukaona galimoto. Alamu ndi amene anayamba.

"Achimwene, taonani. Paja ndinkanena ine."

Amuna anga anawerama, anayang'ana cham'mbali, n'kuimba kamluzu kapansipansi. "Ada, pentiyi yatani?"

Ndinaona nkhope ya apongozi. Sanadziwe chimene ankafunsidwa. Anayandikira, anayala dzanja paboneti, n'kuyendetsa chikhadabo pang'onopang'ono mpaka chinawauza. Sanachedwe. Anawongoka n'kulankhula ndi mawu a munthu wodziwa ntchito yake.

"Aa, zimenezo ndikuzidziwa. Nsalu inandigwa, ndinaitola mofulumira. Ndinaziona pomwepo. Nkhani ya polishi imeneyo, sabata yamawa zichoka."

Ine ndinamva zina. Ndinamva nkhalamba ikusenza mlandu wanga pamaso pa ana ake. Ndinagwada pamchenga pomwepo, mawu n'kutuluka onse nthawi imodzi monga amandichitira. Ndinati Ada asadzinamizire, wolakwa ndine, ndinachapa nsalu kunyanja n'kuyanika pamchenga. Ndikanalekera pomwepo. Koma pakamwa panga palibe buleki. Pofuna kuwayeretsa kotheratu ndinawonjezera.

"Iwo sanagwetse nsalu ina iliyonse. Sanadziwe n'komwe kuti pakalika. Anachita kundionetsa okha galimoto ili padzuwa, akuti yatuluka bwino."

Ndikanakonda alamu akanandilalatira. Amuna anga anayang'ana boneti, anayang'ana bambo awo, n'kuyang'ana pansi. Ndi pamene ndinamvetsa. Mkuluyo sankabisa ine. Kugwetsa nsalu ndi ngozi ya dalaivala aliyense, ndipo anali wokonzeka kuvomera kusasamala, ukalamba wa manja, chilichonse, bola patsale mawu akuti "ndinaziona". Mawu amenewo ndi amene ine ndinawalanda, ndi mtima wabwino, nditagwada. Madzi akatayika saoleka.

Apongozi analowa m'nyumba osandiyang'ana. Anatuluka ndi makiyi n'kuwapereka kwa mwana wawo ndi manja awiri, ngati iwo ndiye mwana. Amuna anga anabweza manja kumbuyo, ati tikambirana Ada, si lero. Mkuluyo anafuna poika. Padenga la galimoto sakanaika, makiyi amakala. Anawalowetsa m'thumba la malaya a mwana wawo n'kubwerera m'nyumba.

Masiku otsatira tinkangopatsana moni. Chakudya ankadya, koma mbale inkabwerera ili ndi theka. Amuna anga anandiuza kuti ndisadziimbe mlandu, zikanadziwikabe. Mwina ankanena zoona. Mkati mwanga munalinso kampumulo koti mwana wanga sadzakweranso galimoto yoyendetsedwa ndi khutu, ndipo kampumulo kameneka kankandichititsa manyazi kuposa mchenga uja.

Tsiku lachinayi ndinawapeza atakhala okha pakhonde akupolisha nsapato, ndinagwada chapatali n'kupepesa. Anapitiriza kupolisha kwa nthawi ndithu.

"Nditangotsegula ndowa ndinamva fungo la sopo wanu," anatero. "Ndinadziwa kuti mwachapa. Ndikanafunsa kuti mwayanika pati. Ine dalaivala, funso loyamba ndi limenelo."

"Nanga simunafunse bwanji, Ada?"

"Zovala zanga ndimachapa ndekha, mukudziwa. Chimwalirireni amayi anu a pakhomo pano palibe amene anandichapira kanthu ndisanapemphe. Ndinakondwa, aphunzitsi. Kukondwako ndiye kunandiiwalitsa."

Ndinalira pomwepo, kulira konyansa kwa munthu wamkulu. Nditapezako mpweya ndinafunsa ngati andikwiyira.

"Ndakwiya," anatero. "Koma ndikusowa womukwiyira. Munanena zoona."

Banja linagwirizana kuti galimoto ipite ku Mzuzu kwa alamu chaka chatsopano chikalowa, ndipo dalaivala adzaitenge Loweruka masana. Apongozi sanatsutse, anangopempha kuti isachoke pakhomo pawo ili yakuda. Nsalu zonse zimene ndinachapa anali atazitsitsira ku matayala. M'sutikesi mwawo anatulutsa matawulo awiri amene tinagula ku Chintheche aja, anadula mipendero akupapasa ndi zala, anachapa, anayanika m'nyumba.

Loweruka limenelo ndinadzuka ndisanaitanidwe n'kukatunga madzi pamjigo. Ndinkayembekezera kuti andibweza nawo, koma analandira. Anatsuka okha. Anapukuta okha, denga, magalasi, boneti, zitseko, mosathamanga, timizere tija tili pomwepo pansi pa nsalu. Ine ndinaima pakhonde ngati ndikusesa. Atamaliza anabwerera m'mbuyo mapazi angapo, n'kupendeketsa mutu uku ndi uku monga ankachitira nthawi zonse poyendera ntchito yawo. Anaima choncho nthawi yaitali, nsalu ili m'manja.

"Aphunzitsi."

"Ada."

"Tabwerani mundiyang'anire ngati pali pamene ndasiya madzi. Ine sindikuona."

Kanali koyamba kumva mawu amenewo pakamwa pawo. Ndinazungulira galimoto. Pachitseko cha kumbuyo, pansi pa chogwirira, panali madontho otsetsereka. Ndinatsala pang'ono kunena kuti palibe, Ada, mwamaliza bwino. Koma sanandiitanire zimenezo. Kwathu mkazi sagwira dzanja la apongozi ake aamuna, ndipo kuloza ndi chala sikukanathandiza. Ndinawagwira pamkono n'kuika dzanja lawo pamadonthopo.

"Apa, Ada."

Anayala nsalu, anaikoka pang'onopang'ono, pakauma.

"Penanso?" anafunsa.

Panalipo pena patatu, ndipo tinapita ponsepo, ine nditawagwira pamkono.